Babu Lachikasu Pachithunzi cha Mzimba

Nditatumizidwa kukaphunzitsa ku Mzimba ndinali ndi kamera yakale yomwe mchimwene wanga anandisiyira, komanso mtima wonyoza pang'ono. Tauni yanji yopanda nyumba zosanja? Chachitali kuposa zonse chinali nsanja ya mafoni, ndipo madzulo kanyali kake kofiira kankaphethira pamwamba pa malata ndi utsi wa mbaula.

Mayi amene ndinkachita lendi kumpanda kwawo anali ndi mwamuna ku Joni. Bamboyo ankatumiza zithunzi za nyumba zitalizitali zoyaka magetsi, koma za kubwera sankazitchula. Anthu pamjigo ankanong'ona kuti anapezako wina, ndipo mayiwo ankamva. Pakhonde pawo pankayaka babu lachikasu lachikale limene mwamunayo anamangirira yekha asanapite. Anzawo onse anasintha n'kuika mababu oyera osadya magetsi, iwo anakana.

Tsiku lina anandipempha kuti ndijambule tauni yonse dzuwa likalowa, kuchokera pachitunda chakuseri kwathu. Anati atumiza chithunzicho osalembapo kanthu, aone ngati bamboyo angaloze pakhomo pake. Ndinaseka, kenaka ndinaona kuti iwo sakuseka.

Tinakwera limodzi, iwo atafunda chitenje chifukwa kamphepo ka ku Viphya kanali katayamba. Ndinakhazika kamera pamwala kuti isagwedezeke, popeza kukamada imachedwa kutsinzina. Pansi pathu fumbi la njinga zamoto linali litasakanikirana ndi utsi, tauni yonse ikuyandama ngati ili m'madzi a tiyi. Ng'ombe zinkabwerera penapake, mabelu awo akumveka patali. Magetsi anayamba kuyaka limodzilimodzi, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti kwathu ndi ku Dedza.

Ndinajambula n'kuwaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anabweza kamera.

"Iyi si Mzimba, aphunzitsi. Kwazizira chomene. Nanga langa lili kuti?"

Ankanena zoona. Kamera ili ndi nzeru zake zodzichitira: ikaona kuwala kwachikasu imati kwalakwika, n'kukuchapa kuti kuyere. Inali itachapa thambo, utsi, ngakhale babu lawo, moti madontho onse anangofanana. Ndinawafotokozera kuti makinawo amasankha okha choyera, iwo n'kundifunsa kuti anawatuma ndani.

Ndinalowa m'mabatani. Muli tizithunzi ta mitundu ya kuwala: kababu, kadzuwa, kamtambo. Ndinayamba ndi kababu poganiza kuti ndiko koyenera, tauni n'kusanduka yabuluu ngati m'chipinda cha odwala. Ndinafulumira chifukwa kuwala kwa kumadzulo sikudikira munthu. Nditasankha kamtambo, zonse zinabwerera. Thambo linapsa, malata anafiira, mababu atsopano anakhala oyera mbee, ndipo kumunsi, pafupi ndi mtengo wa mango, panaoneka kadontho kamodzi kofiirira ngati khala la moto.

 Mayiwo anangogwira mkono wanga, tinakhala pamwalapo mpaka kanyali ka pansanja kanatsala kokha m'mwamba. Ndinawamvera chisoni, ndiponso ndinachita mantha kuti mwina ndawajambulira chowapweteka.

Chithunzicho tinachisamutsira mufoni yawo ndipo chinapita. Ku Joni kunali zii. Ndinkawaona m'mawa akusesa, foni ili m'chitenje, ine n'kumadutsa mwachangu ngati ndachedwa kusukulu.

Loweruka lina anagogoda ndikuchapa. Anandipatsa foni osapereka ngakhale moni. Chinali chithunzi changa chomwe chija, koma bamboyo anali atazunguliza mzere wokhotakhota, wolembedwa ndi chala, pa kadontho kaja. Pansi pake anangofunsa ngati ndi lomwe lija.

Ndinawafunsa ngati wanena zobwera. Anapukusa mutu, akupukuta foni ndi nsonga ya chitenje.

"Sananene. Mbwenu pakhomo sanapaiwale. Yewo, aphunzitsi." Anandithokoza m'Chitumbuka chawo.

Madzulo amenewo anayatsa babu dzuwa likadali pamwamba.