Zitumbuwa Zoduka za Mayi Zipora

Mayi Zipora Mlongoti, amene tidawaika m'manda mwezi wathawu, sadali mkulu wa mpingo, sadali wakwaya, ndipo pamisonkhano ya amayi a Chigwirizano ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Ambiri kuno ku Chinsapo ankangowadziwa kuti aNangozo a zitumbuwa. Mbiri yawo nayi. Amene imuwawe apirire, chifukwa zonsezi zidachitika tikuona ndi maso athu.

Adabadwira ku Ntcheu, kumapiri a Tsangano. Mayi awo adamwalira iwo mano oyamba asanaguluke, ndiye adakulira kwa amalume awo, pakhomo la ana ambiri. Sukulu adalekezera sitandade thuu. Kalasi ya ubatizo yokha ndiyo sadajombepo, ndipo nyimbo za kutchalitchi adazisunga pamtima popeza kuwerenga kunkawavuta mpaka imfa yawo.

Adakwatiwa ndi Bambo Esau Mlongoti, okhoma zidebe ndi mbaula, nabwera nawo ku Lilongwe. Adayambira ku Kawale. Lendi itakwera adasamukira kuno, m'nyumba za mdadada zija, khoma limodzi mabanja awiri. Adabereka ana asanu, atatu adawaika m'manda okha. Mu 1999 bambo nawonso adatsamira mkono. Palibe adawamvapo Mayi Zipora akufunsa Mulungu kuti bwanji ine. Maliro akatha ankasonkha mbaula m'mamawa, kukanya nthochi ndi mgaiwa, kukazinga zitumbuwa, n'kukakhala nazo panjira ya kumsika.

Mu 2003 zidafika pakhomo loyandikana nalo, kwa Mayi Betty, amake Thandie. Mng'ono wa Mayi Betty adamwalira ku Biwi ndi matenda aja tinkaopa kuwatchula dzina, n'kusiya mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, Vaileti, wazilonda m'mutu, wachifuwa chosatha. Mayi Betty sadali munthu woipa, tisawanamizire, ndipo eniake avomera kuti izi zilembedwe. Adamutenga mwanayo pamene abale ena onse adayang'ana kumbali. Koma adali ndi ana awo atatu, ndipo adali ndi mantha ngati tonsefe masiku amenewo. Adamugulira Vaileti mbale yakeyake ndi kapu yomangidwa kachingwe pachogwirira. Nthawi ya chakudya ikakwana, banja linkakhala pamkeka m'nyumba, Vaileti n'kumupatsira kuseri, pafupi ndi thandala.

Kuseriko n'komwe Mayi Zipora ankatsukira chiwaya chawo, ndiye ankaona zonse. Mwana ankakhala mbale ili pamiyendo, khutu lili kukhoma, kumvetsera anzake akulimbirana ndiwo m'nyumbamo. Ankanyema kambamu kamodzi, n'kumangokaumba m'manja mpaka kuzizira. Zotsala zinkadyedwa ndi nkhuku. Mayi Betty ankati ndi matendawo akumuchotsa chilakolako. Mayi Zipora adaona zina: mwana sadya yekha. Miyendo ya Vaileti inkanka niuma, khosi ngati la botolo.

Tsiku lina masana adamuitana mwanayo kuti adye nawo m'nyumba mwawo. Asanasambe n'komwe m'manja, Mayi Betty adatulukira pakhomo atamanga chitenje m'chiuno.

"ANangozo, mwayamba liti kuphikira ana a eni? Mukufuna puloti yonseyi iziti Betty akumumana mwana wamasiye?"

"Sindidatero, amake Thandie."

"Simudatero pakamwa. Mbale yanuyo ndiyo ikunena. Kwathu ufa ulipo, mwamva? Iwe Vaileti, dzuka!"

Mwana adadzuka, n'kubwerera kuseri kuja. Mayi Zipora adazindikira kuti alakwitsa njira. Chakudya cha masana ndi cha madzulo chili ndi mwini wake. Chili ndi nthawi yake, mkeka wake, mbale zake, ndi amene amayamba kusamba m'manja. Ukaitanira mwana wa mnzako pamenepo, watukwana nyumba yonse. Koma kodi mtedza wokazinga uli ndi mwini? Nzimbe ili ndi mbale? Ndani adakwiyapo kuti mwana wake wapatsidwa kambatata kootcha panjira? Zokhwasula palibe amaziwerengera kuti n'chakudya.

Patapita masiku angapo, ana atangoweruka kusukulu, dzuwa litapendeka, Mayi Zipora adakhala pakhonde ndi lichero la zitumbuwa zodukaduka, n'kuitana ana onse a pamdadada. Mayi Betty adasuzumira.

"Izinso n'chiyani?"

"N'zoduka izi, amake Thandie. Kasitomala sangagule. Nditaye?"

"Kutaya ndiye ayi, tchimo limenelo."

"Ndiye alekeni ana atole."

Zitumbuwazo sizinkaduka zokha. Ankazidula okha ndi chala, zabwinobwino, zoti zikadagulidwa.

Pakhonde paja padalibe mbale, padalibe kapu, padalibe wamkulu kapena wamng'ono. Lichero pakati, manja onse momwemo, phokoso ngati pamjigo. Masiku oyamba Vaileti ankaima patali, manja kumbuyo. Mayi Zipora sadamunyengerere. Adatenga chitumbuwa, kuluma, n'kumupatsa chotsalacho. Mwana ataluma, iwo adachitenganso m'manja mwake n'kumaliza, ana onse akuyang'ana. Mawa lake chimodzimodzi. Posakhalitsa ana adaiwala zoyang'anitsitsa, njala ya mwana ilibe nthawi yotero.

"Vaileti, ukuchedwa iwe, ndikudyera chako!" adatero Thandie tsiku lina, dzanja lili kale pachidutswa chachikulu.

"Siya, n'changa chimenecho, wadya zitatu iwe, mimba ngati ng'oma!"

Vaileti adamumenya padzanja n'kulanda. Mayi Zipora adalowa m'nyumba, nagwada pambali pa bedi. Anthu amathokoza Mulungu mwana akaphunzira ulemu. Iwo tsiku limenelo adathokoza kuti mwana waphunzira kulanda.

Nkhani idafika kumsika, ndipo idafika itapindika. Adati aNangozo amakanyira nthochi pamodzi ndi kamwana kodwala kaja. Makasitomala adayamba kudutsa chapatali. Ena mwa odutsawo adali amayi ovala zoyera a Chigwirizano, tisabisane, tikudziwana. Zitumbuwa zinkabwerera kunyumba zili zodzaza beseni. Mayi Zipora sadatsutsane ndi munthu. Adayamba kusenza beseni kupita kudepoti ya mabasi m'tauni, wapansi, komwe sankawadziwa. Zithe zisathe, dzuwa likapendeka ankanyamuka, kuti ana akapeze khonde lili ndi munthu.

Mkulu wina wa mpingo adawayendera, napeza ana akudya mosokosera, pakati pawo pali ana a Mayi Nafisa, Asilamu a nyumba ya kumapeto. Adawaitanira pambali.

"Amayi, Mkhristu angagawe bwanji chakudya popanda pemphero? Mukuwaphunzitsa chiyani anawa?"

"Abambo, ndikati tsinzinani tipemphere, chasanduka chakudya. Amayi awo abwera kudzawatenga, wina ati kwathu tidya kwathu, wina ati ife timapemphera kwina. Pakamwa pa anawa pali ntchito. Panga mpopanda kanthu, ndimapemphera ine iwo akutafuna."

Mkuluyo adapukusa mutu n'kumapita. Iwo adapitiriza.

Idadza njala ya 2005, ndipo idafika pachimake mvula itagwa. Chimanga chidasowa, anthu ankagona pamizere podikira kugula. Mgaiwa wa zitumbuwa udatha. Mayi Zipora adayamba kuphika chigumu cha gaga, tsiku lina maungu, tsiku lina chimanga chokazinga chongokwana dzanja limodzi mwana aliyense. M'nyumba zambiri pamdadada paja moto sunkayaka masana, ndiye ana adachuluka pakhonde. Amayi omwe aja ankaletsa ana awo tsopano ankawakankha kuti pitani kwa aNangozo. Mayi Zipora eniake ankadya kamodzi, nthawi zina kungomwa madzi otentha amchere. Chitenje chidayamba kuzungulira kawiri m'chiuno.

Mwana wawo Jemima, wokwatiwa ku Area 25, adabwera ndi chikwama kuti awatenge.

"Amayi, mufera ana a eni? Tiyeni kwathu, kuli chipinda, mukapume."

"Ndikapita, dzuwa likapendeka kuno atulutse lichero ndani?"

"Ngati n'za Vaileti, amayi ake aakulu alipo, si inu mudamubereka."

"Alipo, ndipo amamuphikira. Koma iye amadya pano."

Jemima adabwerera yekha akulira. Adayamba kutumiza kaufa mwezi ukatha, akudziwa bwino lomwe kuti kathera m'lichero.

Chaka chotsatira Mayi Betty adamutengera Vaileti kuchipatala komwe adayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa ana. Anesi adamukweza pasikelo, nati mwanayu akadapepuka pang'ono pokha sakadapirira mankhwalawa, mumamudyetsa chiyani? Mayi Betty adangoyang'ana pansi. Zilonda zidapola, tsitsi lidamera, Vaileti adayamba sukulu. Mantha pamdadada adatha pang'onopang'ono, popeza ana onse aja ankapisa naye m'lichero limodzi adali bwinobwino. Koma mantha akatha chizolowezi chimatsala. Masana ndi madzulo mbale ija inkatulukabe kupita kuseri. Mwana adazolowera kuinyamula yekha, osadikira kuuzidwa, ndipo ankangodyako pang'ono, kudikira khonde. Mayi Zipora ankaona, koma za m'nyumba ya eni sadazilowererenso.

Thupi lawo silidabwererenso mwakale chichokere njala ija. Chaka chino cha 2009 miyendo idayamba kutupa, mpweya kuchepa. Kudepoti adaleka kupita. Ankakazingira pakhomo atakhala pansi, kenaka kukazinga komwe kudawakanika, ankangowiritsa mbatata. Kuchipatala adagonako masiku ochepa, adokotala nati mtima watopa, abwerere kunyumba. Jemima adabwera kudzawadwazika. Ngakhale ali gone, dzuwa likapendeka ankafunsa ngati ana apatsidwa kanthu, ndipo ankafuna chitseko chikhale chotsegula kuti azimva phokoso lawo.

Lamulungu m'mawa, belu loyamba litalira, adapempha Jemima kuti awasambitse kumaso ndi kuwavalitsa duku loyera. Amayi angapo adadutsira pomwepo popita kutchalitchi, nawaimbira nyimbo. Iwo ankatsatira ndi milomo yokha. Nyimbo isanathe adatsinzina, mutu n'kupendekera paphewa la mwana wawo, osabuula, osaphupha. Ambuye amene adawatumikira mwakachetechete awapatse mpumulo umene sadaupeze pansi pano.

Pamaliro padadza anthu ambiri, ngakhale aja ankadutsa chapatali. Titabwerako kumanda, amayi a Chigwirizano adagawa chakudya monga mwa nthawi zonse, azibambo mabeseni awo, azimayi awo, ana beseni lawo pansi pa mtengo wa mango. Ndipo mayi wina, wovala zoyera, wa mpingo wathu uno, adatenga kambale kapadera, kuikamo nsima ndi nyemba, n'kupatsa Vaileti. Sadaganize n'komwe. Dzanja lidangochita zomwe lidazolowera. Vaileti, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri tsopano, adalandira ndi manja awiri, kunena zikomo, n'kupita kuseri kwa nyumba. Akuluakulu tonse tidaona. Palibe adamubweza, pamaliro a Mayi Zipora penipenipo.

Thandie ndiye adaimirira. Adagwira beseni la ana mbali imodzi, mwana wa Mayi Nafisa adagwira mbali inayo, ana ena onse n'kuwatsata pambuyo, manja ali nsimansima. Adaliika pansi pafupi ndi thandala. Thandie adatenga kambale kaja pamiyendo ya Vaileti, n'kukhuthulira zonse m'beseni.

"Sendera kuno iwe, wakhalitsa malo. Ndipo usachedwe, awa sadikira munthu."

Adadya, kukangana za nyemba, mpaka beseni kuyera. Mayi Betty adaima pakona pa nyumba, duku lili kukamwa. Chichokere ku Biwi, aka kadali koyamba kuti Vaileti adye chakudya chenicheni pamodzi ndi anthu. Padafunika maliro kuti zitheke, ndipo adazichita ndi ana, ife akuluakulu a mpingo titaima ndi zipande m'manja.