Msilikali mumfune kwa apongozi ake

Kalata yoyamba yodandaula ndinailemba m'dzinja la chaka chimene tinavotera zipani zambiri. Yachiwiri inatsatira titangokolola. Makope ake ndili nawo, pamodzi ndi malisiti a ku positi. Yankho silinabwere.

Nkhani yake ndi iyi. Ife amene tinapuma usilikali tili m'gulu lodikira kuitanidwa. Nthawi ya mtendere gululi limakhala ndi akuluakulu ochepa, kalaliki ndi wosunga katundu. Ena tonsefe tili kumunda. Nkhondo ikabuka amatsegula kaundula n'kutiitana, gulu n'kudzaza. Kaundula akanama, gululo kulibe.

Tsono kaundulayo amangolemba mudzi umene munthu anabadwira. Inu awerengi, kuno ku Phalombe ndi mwamuna uti amakalambira kumene anabadwira? Timapita kuchikamwini.

Lachiwiri lapitali galimoto inaima pakhomo panga ku Mkhumba. Munatsika Kaputeni wina wochokera kumpoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anatumidwa kudzaona ngati anthu a m'kaundula alipodi. Anali atazungulira dera lonse la mfumu Jenala, n'kupeza amuna awiri okha, ndipo lipoti loti gulu lathu lithetsedwe linali kale m'chikwama.

"Bambo, anthu anu anatha," anatero. "Mudzi uliwonse akuti anachoka kalekale."

"Munafunsa kumene anakwatira?"

"Kwathu amasamuka ndi mkazi."

"Kuno katundu ndi ife, a Kaputeni."

Ndinatulutsa faelo yanga. Chipumireni ntchito, mnzathu akakwatira ndimalemba mudzi wa mkazi wake, ukwati ukatha ndimafufuta, akamwalira ndimaika mtanda. Nambala ya nsapato ya aliyense ilimo.

Tinatumiza uthenga kumidzi ya m'faeloyo, ndipo Lachinayi tinafola pabwalo la mpira. Mzere unali wokhota, mimba zitatsogola, koma unali wautali. Mnzanga wakale, a Namakhwa, amene kaundula amati sapezeka, anapalasa njinga kuchokera ku Fort Lister.

"Ine wosapezeka?" anafunsa. "Apongozi anga amandipeza m'mawa uliwonse, khasu lili m'manja."

Kaputeni anaitana maina, aliyense akuyankha. Atafika kumapeto anatulutsa lipoti lija n'kuling'amba tonse tikuona. Sindibisa, ndinayenda motukula mapewa mpaka kunyumba.

Komatu ganizani. Nanga kukanakhala kuti kwavuta? Akanawerenga amuna awiri, akanasunga nsapato za anthu awiri, mabulangete awiri. Enafe tikanapita kumalire titavala patapata. Mafomu ambiri m'dziko muno amalembedwa ndi anthu oganiza kuti aliyense amakhala ngati kwawo, ndipo safunsa.

Choncho, kwa akuluakulu osunga kaundula wa gulu lathu: ine, msilikali wopuma wa ku Mkhumba, ndikupempha mwaulemu kuti pa fomu muwonjezere mzere wa mudzi umene munthu anakwatira, kuti katundu wa m'sitolo awerengedwenso molingana ndi amuna amene anafola Lachinayi, ndiponso kuti nkhaniyi iyankhidwe pa pepala losainidwa, lokhala ndi chidindo.