Makatuni a ku Japani amene ndinamubweretsera Yankho

Maganizo opita ku Joni anandibwerera nditaima m'madzi ofika m'mawondo, ndikuwokera mpunga m'munda wa eni. Chaka chimenecho chimanga chathu chinapserera, bambo a mwana wanga anali atakakwatira kwina, ndipo za ganyu zinkangothera mchere ndi sopo. Ndinaweramuka msana ukuwawa ngati andimenya ndi musi, n'kunena mumtima kuti basi, ndatopa. Mwana wanga mmodzi yekhayo, Yankho, anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga a Esinati, n'kumulonjeza kuti ndikakhala chaka chimodzi chokha. Ndinakakhala zaka zisanu.

Panopa ndili kuno ku Domasi, ndipo anthu akandiona amati ndanenepa, ndayera, Joni inandiyanja. Sadziwa kuti ulendo wonse wobwerera, masiku atatu m'basi, ndinali ndi nkhawa imodzi yokha: kodi mwana uja akandilandira ngati mayi ake, kapena ngati mlendo wobwera ndi zikwama?

Ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Kepitauni, kwa adona ena a ana awiri. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Mapepala anga anatha mphamvu m'mwezi woyamba womwewo, ndiye ndikangoona galimoto ya apolisi ndinkakhotera njira ina, ndipo zobwera kumudzi pa Khirisimasi n'kudzabwereranso sizinkatheka. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi osaphonya, za feteleza, za yunifolomu, za malata. Koma ndalama sizicheza ndi mwana. Ndikaimba foni ya achemwali Lamulungu, nkhani yathu inkatha isanayambe.

"Uli bwanji, Yankho?"

"Ndili bwino."

"Kusukulu?"

"Kuli bwino."

Kenako ndinkangomva nkhuku zikulira kumbuyo kwake, ndipo ndinkadula ndekha chifukwa cha manyazi. Ndinkachita mantha kuti tsiku lina ngakhale "ndili bwino" ameneyo adzatha.

Ana a adona akaweruka kusukulu ankaonera makatuni a ku Japani, ine ndikusita chapafupi. Poyamba ndinkangowaseka, anthu ojambula a maso aakulu ngati kadzidzi. Koma masana ena nditakweza maso ndinaona munda wa mpunga pa kanemapo. Madzi ali nyezinyezi pakati pa mbande, phiri lili kumbuyo, mtsikana akukankha njinga pa kanjira kopapatiza, mvula ikuyamba kudontha. Ndinaiwala kuti ayironi ili pa malaya. Anali Domasi weniweni, kungoti anthu ake oyera. Ndinathawira kubafa kukalira, ndipo kuyambira tsikulo ndinkaikira dala zosita pa nthawi ya makatuni. Amene ndinkawakonda anali ofatsa, a anthu ophika, oyenda pansi, odikira sitima, opanda wina womenya mnzake.

Lamulungu lotsatira, pofuna kuti foni isafe msanga, ndinamuuza Yankho za zimenezi. Anayankha mwachangu kuposa masiku onse.

"Inenso ndimawakonda makatuni a ku Japani."

Ndinati tapeza chathu. Ndinamugulira kafoni kake, ndipo sabata iliyonse ndinkajambula mawu n'kumutumizira, kumufotokozera filimu yonse kuyambira poyamba, mpaka mtundu wa diresi la mtsikanayo. Iye ankangobweza mawu ochepa, "Ndiye zinatha bwanji?" Ine ndinkayambanso kufotokoza. Zaka zitatu tinakhala choncho, ndipo ndinkadzitama kwa anzanga a kutchalitchi kumeneko kuti ine ndi mwana wanga timakonda zofanana.

Mu Epulo chaka chino ndinalephera kupirira. Adona anandilola kupita, koma anati ndiwauze pofika kumapeto kwa Meyi ngati ndingapeze njira yobwerera, apo ayi apeza wina. Mwana wawo wamkulu anandidzazira fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta, ndi mafilimu onse amene ndinkawakonda. Ndinaikulunga m'kampango n'kuibisa pachifuwa pamodzi ndi pasipoti, ngati kuti ndiyo inali chiphaso cholowera m'nyumba mwanga.

Nditatsika minibasi pa siteji ndinapeza achemwali ndi mtsikana wina wamtali kuposa ine. Anali Yankho. Ndinatambasula manja, koma iye anagwada n'kundipatsa moni wa manja awiri.

"Mwayenda bwanji?"

Ulemu wake unandibaya kuposa chipongwe. Masiku otsatirawo ankandiikira madzi kubafa, kundipatsa mpando, kundiyankha atagwada, zonse zimene timachitira alendo. Ndinaona kuti achemwali amangowaitana kuti amayi, mawu oti aakulu anagwa kalekale. Ndinadzilimbitsa mtima kuti dikirani, fulashi ija ikonza zonse.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinalumikiza kawayilesi ka kanema kamene ndinabwera nako ku batire la sola la alamu anga. Ndinasankha filimu ija ya munda wa mpunga. Ine maso sanali pa kanema, anali pa nkhope ya Yankho. Anakhala pamkeka atawongola msana ngati ali m'kalasi, manja pamiyendo. Patapita nthawi ndinamuona akubisa kuyasamula ndi nsonga ya chitenje.

"Kodi ayamba nthawi yanji kumenyana?" anafunsa motsitsa mawu.

"Samenyana amenewa."

"Ndiye azingoyenda basi mpaka kutha?"

"Taona mpunga uwo, mwanawe. Sukuona kuti ndi ngati kwathu kuno?"

"Mpungatu ndachokera komweko dzulo." Anadzuka n'kugwada pang'ono. "Ndikatunge madzi kusanade."

Ndinatsala ndekha ndi mtsikana wa njinga uja, mvula ikumugwera pa kanema. Ndinapsa mtima, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha okhaokha. Achemwali, amene ankasenda nandolo pakhonde, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, mwana wakoyu ake ndi a malupanga! Zofatsa zakozo angazione ndani?"

Anandifotokozera kuti Yankho akapeza kandalama amapita pa msika kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni. Amatenga makatuni a ku Japani omwewo, koma a nkhondo, anthu akuuluka m'mwamba, kukuwa, kugwetsa mapiri ndi chibakera. Pamwamba pake pamakhala mawu a mnyamata wina womasulira m'Chichewa, amene amawapatsa anthuwo mayina a konkuno n'kumawalankhulitsa za kabaza ndi za mandasi. "Phokoso lokhalokha," anatero achemwali. "Ine mutu umandiwawa. Koma iye ndiye ayi, amachita kuiwala ndiwo pamoto."

Ndiye kuti zaka zitatu zonse zija ndinkalankhula ndekha? Chakudya sichinalowe tsiku limenelo.

M'mawa mwake sukulu kunalibe poti inali holide, ndipo Yankho analawirira kumunda wa achemwali kukapirikitsa mbalame, poti mpunga unali utacha. Ndinamutsatira. Ndinali nditaiwala kuti njira yake ndi yoterera chotani, ndipo ndinafika matope ali mpaka m'akakolo, udzudzu utandidya miyendo. Ndinamupeza atakhala pa kachulu, akukoka chingwe chomangirira zitini.

"Unkandinamiziranji?" ndinafunsa osapereka ndi moni womwe.

"Sindinakunamizeni. Simunandifunsepo kuti ine ndimaonera ati."

Zinali zoona, ndipo zinandiwawa chifukwa zinali zoona.

"Nanga unkafunsiranji kuti zinatha bwanji, pomwe sizinkakusangalatsa?"

Anakoka chingwe, zitini n'kulira, mpheta n'kubalalika. Anayankha akuyang'ana kumunda.

"Mukamafunsa za sukulu munkadula msanga. Mukamakamba za mafilimu anuwo munkalankhula mpaka foni kutentha. Ine ndinkangofuna kumva mawu anu."

Ndinayang'ana munda womwewo umene ndinkaulirira ku Kepitauni, ndipo ndinazindikira kuti Domasi amene ndinkamuona pa kanema anali wopanda misundu, wopanda msana wowawa, Domasi wa munthu amene anachokako. Ine ndemwe ndinathawa madzi amenewa, n'kusiya mwana alimo, kenako n'kubwera kudzamuuza kuti taona kukongola kwake. Iye amadzuka nawo tsiku ndi tsiku. Akagwira foni amafuna kuona munthu amene akamenyedwa amadzuka n'kubwezera.

"Tandionetse ako aja," ndinatero.

Anatulutsa foni m'chitenje, koma sanayatse. Anandiyang'ana m'maso koyamba chibwerereni.

"Anu aja amatha tsiku lomwelo. Awa satha msanga. Ngakhale titamaonera gawo limodzi tsiku lililonse, chaka chino sitimaliza. Ngati mukubwerera ku Joni, musayambe. Sindikufuna kumadzakufotokozerani pa foni."

Uthenga wa adona unali m'foni mwanga kuyambira Lachisanu, wofunsa ngati andiyembekezere, ndipo ndinali ndisanauyankhe. Nyumba yanga ndi yofolera mbali imodzi. Yankho akulowa sekondale chaka chamawa. Kuno ntchito imene ndikuidziwa ndi ganyu yemwe uja ndinamuthawa. Zonsezi zinandidutsa m'mutu, ndipo ndinadziwa kuti mwanayu sadzandifunsanso kachiwiri.

Ndinayala chitenje pa kachulu paja n'kukhala pafupi naye.

"Yambira poyamba."

Chiphokoso chimene chinatuluka m'kafoni kaja chinabalalitsa mbalame kuposa zitini. Mtsikana wina wa tsitsi lobiriwira ankazunguza lupanga lalitali kuposa iye mwini, womasulira uja akukuwa kuti achimwene thawani, wakwiya mwana wa eni. Sindinatolepo kanthu. Yankho ankaimitsa pafupipafupi n'kumandifotokozera kuti uyu ndi ndani, uyo analakwa chiyani, akulankhula mofulumira, akuseka, phewa lake litatsamira langa. M'zaka zisanu ndinali ndisanamumvepo akulankhula mawu ambiri chotero.

Adona ndinawayankha masana omwewo kuti apeze wina. Mantha sanandichoke, ndisaname, ndipo nthawi zina ndikamapita kukafunsa ganyu ndimadzifunsa ngati sindinachite zopusa. Tafika pa gawo la khumi ndi chiwiri. Mtsikana wa lupangayo sindikumukondabe mpaka lero, amakuwa kwambiri. Dzulo ndinamuuza Yankho zimenezo, ndipo tinakangana mpaka achemwali kutiletsa. Sanagwade poyankha.