Mizere ya a Njereza

Malume anga, omwe anthu amawatcha a Njereza, adajambula mizere pabwalo la mpira zaka makumi atatu. Timu ikaluza sankadya. Akazi awo ankangoti, "Awa adakwatira mpira, ine ndine mkazi wamng'ono."

Kenako bwalolo lidagulitsidwa, timu nkusamukira komwe minibasi sifika. Pomwe panali golo adamangapo sitolo yaikulu, ndipo malume adalembedwa ntchito yojambula mizere yoimikamo magalimoto.

Loweruka lina adawerenga mapazi kuchokera pakhomo la sitoloyo, nadontheza penti pamalo pomenyera penate. Kapitawo adaona.

"Madala, fufutani uve umenewo."

Adagwada nkufufuta okha. Masana galimoto idaima pomwepo, ndipo woikodola kuti ilowe bwino anali malume omwewo.