Anamuseka Kuti Wavala Thewera

Inu amene mukuona ngati zonse zakukanikani, imvani za Malizani, mnyamata wa kabaza wa pa Madisi.

Tsiku lina masana anaima pakati pa chitunda n'kupempha mayi amene anamunyamula kuti atsike. Mayiyo anali ndi mwana wodwala kumsana, akuthamangira kuchipatala. Malizani sanatope ayi. Chishalo chinali chitamunyula mpaka zilonda zinayamba kutuluka mafinya, ndipo sakanathanso kukhalapo. Mayi uja anapitiriza ulendo wapansi. Malizani anagwira njinga yake n'kulira.

Makolo ake onse anamwalira ali wamng'ono. Mayeso a Fomu 4 analephera kawiri. Njingayo ndiyo inali khasu lake, koma adokotala anamuuza kuti akapitiriza kupalasa, zilondazo sizidzapola. Anakhala milungu isanu akugona chafufumimba kunyumba kwa mlongo wake Kezia, telala wa pakhonde la sitolo.

Kezia anamulangiza kuti abwerere kumudzi akathandize amalume awo kulima fodya. Malizani anakana.

"Alongo, miyendo yanga ilibe vuto. Vuto ndi pokhalira. Mundiphunzitse makinawa."

Atachira, anadula siponji yokhuthala ya matiresi akale n'kuisokera m'kabudula wa pakaunjika. Atafika nayo pasiteji, Reinford, wapampando wa akabaza, anauza anthu onse kuti Malizani wavala thewera. Anamuseka mpaka amayi ogulitsa tomato. Choipa kwambiri, siponjiyo inamwa thukuta n'kukwinyika, ndipo khungu linayambanso kunyuka.

Anamupasula kabudulayo n'kusoka wina. Wachiwiri msoko unadutsa pakati, unamucheka ngati lumo. Wachitatu anali wokhwepa, ankatsetsereka. Aliyense ankamuyesa yekha pamsewu wa zitunda wopita ku Kasakula, ndipo ankabwerako akutsimphina, akudziwa pamene walakwitsa.

Pang'onopang'ono anazindikira zinthu. Siponji yofewa kwambiri imanyenga, yabwino ndi yopyapyala koma yolimba, yokutidwa ndi nsalu yosalala. Misoko iyenera kupita m'mbali. Kabudula agwire thupi, ndipo azichapidwa tsiku lililonse. Anaonanso kuti chishalo chake chinadzutsa mphuno m'mwamba, choncho anatenga sipanala n'kuchigoneka bwino, n'kuchitsitsa pang'ono kuti chiuno chisamagwedezeke popalasa.

Ndi kabudula wachisanu ndi chinayi, anakafika ku Kasakula n'kubwerako tsiku lomwelo, khungu lili bwinobwino. Anzake pasiteji ankamusekabe, koma anayamba kuona kuti maulendo ataliatali, amene iwo ankawazemba, onse akutenga ndi iye.

M'mawa wina Reinford anatulukira pakhonde paja. Kezia anamupatsa mpando, iye anati aimirira. Anayang'ana uku ndi uku, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Mwezi wathunthu ndakhala ndikubisa zilonda, ngakhale mayi akunyumba sakudziwa. Ndisokere wanga, m'bale wanga."

Malizani sanamukumbutse za chipongwe chija. Anamuuza kuti ayambe wapita kuchipatala, anamuyeza m'chiuno, kenako anatuluka kukaona chishalo cha njinga yake.

Lero Malizani ali ndi makina akeake pambali pa a Kezia. Amasoka makabudula ndi kukuta zishalo. Akabaza, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo oyenda pa njinga amabwera kuchokera ku Msakambewa mpaka ku Ntchisi. Loweruka lililonse amakwerabe zitunda, chifukwa sagulitsa chinthu chimene sanachiyese yekha.

Mwina inunso muli ndi pamene pakukupwetekani, pamene mukuchita napo manyazi kutchula. Musathawepo. Payang'anitsitseni, muphunzirepo kanthu, muyesenso ngakhale kasanu ndi kanayi. Oseka asekebe, koma inu osataya mtima.