Husna Amwetsa ndi Lamanzere

Pa Ulongwe palibe wosamudziwa Husna Chande. Mmawa amagulitsa tomato pafupi ndi siteji ya minibasi, masana amamanga mpango zolimba n'kukamwetsa zigoli ku ntchemberembaye. Wabereka ana atatu, koma dzanja lake lamanja silinkaphonya.

Mu 2021 anakabayitsa katemera wa Kovidi pamkono wamanja. Anzake mkono unawapweteka masiku awiri basi. Iye milungu itatu inatha akulepherabe kusenza dengu, ngakhale kupesa tsitsi. M'phewa munkachita ngati mwakhomedwa msomali.

Kuchipatala dokotala anamuuza kuti akweze mkono. Unathera panjira.

"Zikuoneka kuti singano inalowa cham'mwamba kwambiri, ndiye mtsempha wa paphewa watupa," anatero dokotalayo. "Sizichitikachitika. Muchira mayi, koma mpira uyambe waima."

"Mpaka liti, adokotala?"

"Mwina miyezi ingapo."

Anamupatsa mapilitsi, n'kumuphunzitsa kuyendetsa zala pakhoma, tsiku lililonse zizikwerako pang'ono.

Husna analira tsiku limodzi lokha. Mawa lake anapachika ndowa yobooka pamtengo wa mango, n'kuyamba kuponya ndi dzanja lamanzere. Mpira unkagwera paliponse.

"Amake Nasiru, mutiphera nkhuku!" ankakuwa amuna ake, a Usumani.

Patatha miyezi inayi timu yake inapita kukasewera ku Utale. Husna anangopita kukachemerera. Zigoli zili 18 kwa 18, womwetsa wa ku Ulongwe anabinya phazi. Kochi wawo, Lilian, anayang'ana Husna.

"Achemwali, phewa lachira?"

"Iyayi. Koma lamanzere lilipo!"

Husna analowa m'bwalo. Otchinga a ku Utale ankamudziwa bwino, ndiye onse anathamangira kumanja kwake. Husna anangotembenuka, mpira m'mwamba, psiti! Chigoli. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu unazungulira pamkombero, anthu mpweya atagwira, kenako n'kugwera mkati. Nthungululu zinabuka, amayi a ku Ulongwe n'kulowa m'bwalo akukupiza zitenje, mpaka woimbira anachita kuwapempha kuti atuluke.

Anapambana 25 kwa 22. Palole yobwerera anaimba njira yonse, ena anafika mawu atasasa.

Phewa lija linadzachira chaka chotsatira, chimanga chikucha. Pano Husna ali ndi zaka 38 ndipo amaponya ndi manja onse awiri. A Usumani akuti apumeko tsopano. Iye akuti aona chaka chamawa.