Kulusumu ndi Zotchinga Fumbi

Inu amene mukuona ngati moyo wakupanikizani, imvani za Kulusumu wa ku Nkhotakota.

M'chaka cha 1995, anthu akuvinira matipate, iye ankaika m'manda mwamuna wake Sadick. Bamboyo adagwira ntchito zaka khumi pachigayo cha mpunga, akumeza fumbi la mankhusu mpaka kutsokomola magazi. Maliro atangotha, achibale a malemu adatenga njinga, mbuzi ndi malata, n'kumusiya ndi ana atatu.

Kulusumu adapeza ganyu yosesa pafakitale ina. Ankasesa tizidutswa toyera, tofewa ngati thonje, totsala akamadula nsalu yosefera fumbi m'makina. Tedson, makaniko wa pafakitalepo, adamuuza kuti nsaluyo sachita kuluka. Amasungunula pulasitiki n'kumuuzira mphepo yotentha, ndipo timaulusi topyapyala kuposa tsitsi timamatirirana. Adati ena amasefera madzi, ena amapukutira oyilo wotayika.

"Mpweya umadutsa, mayi, koma fumbi limakodwa," adatero Tedson.

Kulusumu adangoima, tsache lili m'manja, akuganiza za chifuwa cha Sadick.

Adapempha kapitawo kuti azitola tizidutswato, n'kuyamba kusoka zotchinga pamphuno. Zoyamba zidang'ambika ndi singano. Zina zidaonongeka atazichapa. Kenako adasoka kathumba ka chitenje kokhala ndi zingwe, n'kumalowetsamo kansaluko kuti kakada azisintha.

Atapita nazo pachigayo chija, adamuseka. Mwini wake adamuthamangitsa, ati akuopseza antchito. Padapita miyezi isanu osagulitsa ngakhale chimodzi, ana akugonera chinangwa chootcha, koma tsiku lililonse akapuma kuntchito ankakaima kunja kwa mpanda wa chigayocho.

Tsiku lina Layson, mnzake wa Sadick yemwe adali atayamba kale kutsokomola, adatengako chimodzi. Poweruka adasolola kansalu kaja anzake akuona. Kadali bii.

"Zonsezi zikadalowa m'chifuwa mwangamu," adatero. "Mawa mubwere ndi zisanu ndi chimodzi."

Layson sadapulumuke. Adamwalira chaka chotsatira, ndipo omwe adanyamula maliro ake ndiwo adafalitsa mbiri ya zotchingazo. Pofika 1999 Kulusumu adali ndi makina osokera awiri, akuodetsa nsaluyo ku Lilongwe n'kumagulitsa m'zigayo kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa.

Sadabweze aliyense kuchokera kumanda, koma alipo ana omwe adakula bambo awo akupuma bwino. Nanunso, akusekeni kaya akupitikitseni, musataye mtima. Mawa pitaninso.